Kakonzedwe ka gulu la WhatsApp loti anthu asamalithawe

Kutsegula gulu la WhatsApp si ntchito, mwana wa giledi 7 angakutsegulireni inu mukusenda nshawa. Ntchito ili pakuti pakapita miyezi iwiri, munthu akamva foni yalira azitsegulabe ndi mtima woti mwina pali kanthu. Magulu ambiri kuno ku Chipata mayina alimo mazanamazana, koma olankhula ndi anthu asanu omwewo, enawo anatseka kulira kwa gululo kalekale ndipo akungochita manyazi kutuluka.

Ine ndimasoka zovala chakufupi ndi msika wa Kapata, ndiponso ndine mmodzi wa maadimini a gulu la anthu a m'dera lathu. Zimene ndikulemba pano ndi za magulu otere: la anthu oyandikana nyumba, la mpingo, la makolo a pasukulu, la kopaletivu. La anzanu amene munaphunzira nawo limodzi, lokumbutsana za kale, lisiyeni lizidziyendera.

Musanadine kalikonse, khalani ndi munthu mmodzi m'maganizo. Asakhale wapampando, asakhalenso mnyamata wa foni yaikulu amene amadya Wi-Fi ya ku ofesi. Akhale amai achikulire amene foni anawatumizira mwana wawo wa ku Lusaka. Foniyo inadzaza kale, bandulo amagula ya tsiku limodzi, ndipo data amayatsa madzulo okha akaweruka kumsika. Kuwerenga amawerenga, koma modekha, ndipo Chingerezi chikatalika amachisiya panjira. Chovala timachiyeza pa thupi la wodzavala, ndiye gulu lanu muliyeze pa amai amenewa. Akayatsa data pa 19 hours apeza chiyani? Akapeza zithunzi za maluwa zofunirana tsiku labwino, mavidiyo a nthabwala ndi mkangano wa mpira, uthenga wa msonkhano wa madzi uli pansi pa zonsezo, dziwani kuti mwawataya, ndipo ngati iwo alipo ambiri kuposa olongololawo.

Dzina ndi mawu a pakhomo

Dzina la gulu linene malo ndi ntchito. Mayina okoma a chikondi ndi umodzi ali m'foni ya aliyense katatu, munthu amasokoneza la mpingo ndi la chilimba n'kutumiza uthenga kolakwika. Lembani dzina la dera, sekishoni ngati ilipo, ndi chimene mwasonkhanira.

Pansi pa dzina pali malo ofotokozera gulu, ndipo aliyense wolowa angawawerenge nthawi iliyonse. Ambiri amawadzaza ndi malamulo makumi awiri a zilembo zikuluzikulu, lililonse loyamba ndi kuletsa n'kutha ndi kuopseza kuti muchotsedwa. Munthu asanapereke n'komwe moni wauzidwa kale mmene adzathamangitsidwire. Yambani ndi zimene zikufunika pagulupo, zoletsa zikhale zochepa ndiponso kumapeto. Mawu ngati awa akwanira:

“Takulandirani. Gulu lino ndi la za m'dera lathu: maliro, matenda, madzi, chitetezo, misonkhano, zotayika. Lembani m'chilankhulo chimene mumamasuka nacho. Malonda ndi Loweruka. Nkhani imene simunaione nokha, nenani kumene mwaimva. Za zipani tizikambira kwina. Chikakuwawani, imbirani adimini.”

Za chilankhulozo musazione mopepuka. M'komboni imodzi muli Achewa, Angoni, Ansenga a ku Petauke, Atumbuka a ku Lundazi, Abemba amene anabwera ndi ntchito ya boma, ndi abale athu amene anadutsa pa Mwami kuchokera ku Mchinji. Aliyense alembe zake, tidzamvana. Koma chilengezo cha adimini chiyambe m'Chinyanja, Chingerezi chibwere pansi. Ndipo wina akaseka kalembedwe ka mnzake, adimini asasekerere nawo. Munthu amene anasiyira sukulu giledi 5 akasekedwa kamodzi salembanso, ngakhale ataona ana akuseweretsa waya wa magetsi wogwa.

Kulowetsa anthu

Musakokere munthu m'gulu musanamufunse. Akangolowa, nambala yake imaonekera kwa onse, ndipo azimayi tikudziwa zimene zimatsatira: moni wa pakati pa usiku kuchokera kwa bambo amene simumudziwa. Funsani kaye, ndipo nenani poyera kuti wotenga nambala ya munthu pagulu n'kumakamuvutitsa kumbali walakwira gulu lonse.

Ngati mukuitana anthu ndi linki, yatsani kaye Approve new members m'makonzedwe a gulu, kuti wofuna kulowa azidikira adimini amuvomereze. Linki imayenda kutali, imafika kwa anthu amene sanapondepo ku Kum'mawa kuno. Ikafalikira, ifafanizeni n'kupanga ina, yakaleyo imasiya kugwira ntchito pomwepo. Kuyambira 2022 gulu limodzi lingatenge anthu 1,024, koma amenewo ndi malire chabe, musawathamangire. Muyeso wanga ndi wakuti maadimini akakhala pamodzi azitha kunena kuti nambala iyi ndi ya uje wa nyumba yakuti. Zikayamba kukanika, gulu lakula mopitirira ndipo ndi nthawi yoligawa.

Tsopano chimene ambiri amachiphonya, pamene sichidya ngakhale ngwee. Munthu akalowa, adimini amulandire ndi dzina, mwaulemu woyenera msinkhu wake: “Tilandire amake a mapasa amene asamukira m'nyumba ya kuseri kwa chigayo. Amai, khalani omasuka.” Ndipo tsiku limene mlendoyo adzalembe koyamba, ayankhidwe. Kaya wafunsa chinthu chimene chinayankhidwa dzulo, kaya wangoti mwachoma bwanji, wina ayankhe. Tizizindikiro tiwiri tochonga tija tikaonetsa kuti uthenga wafika, tsiku n'kutha popanda woyankha, munthu amati ndalakwitsa, kapena pano pali eni ake. Gwirizanani maadimini kuti funso lisagone. Ngati yankho simukulidziwa, lembani kuti tamva, tifunsa, mawa tibwera nalo. Wofunsa zobwereza musamuuze kuti werengani pamwambapo. Dinani uthenga wakale uja, muuyankhe kuti uonekerenso, iye aupeza popanda kuchititsidwa manyazi.

Zipinda ziwiri

Anthu amafuna kucheza, ndipo gulu loletsa kuseka limazizira. Koma macheza ndi zilengezo sizikhalira pamodzi bwino. Tsegulani magulu awiri. Loyamba likhale la zilengezo zokha, lotchera kuti olemba ndi maadimini basi. Lachiwiri la macheza, lolowa amene akufuna. Communities, imene WhatsApp inabweretsa mu 2022, imamanga magulu otere pansi pa denga limodzi n'kukupatsani malo a zilengezo ofika kwa onse, koma ngakhale popanda iyo magulu awiri wamba amagwira ntchito. Amai aja a bandulo ya tsiku limodzi akhale m'loyamba lokha ngati afuna, ndipo palibe chofunika chimene chidzawadutse.

Pali maadimini amene amatseka gulu la macheza pa 22 hours n'kutsegula m'mawa. Ku gulu la kwaya kapena la makolo a pasukulu ndikuvomereza. Ku gulu la anthu oyandikana nyumba ayi. Akuba amabwera usiku, matenda a mwana amakula usiku, ndipo wofuna galimoto yopita kuchipatala sangadikire adimini adzuke. Pemphani chabe kuti usiku ukhale wa zadzidzidzi.

Chilengezo chofunika chikhomeni pamwamba. Mungakhome mauthenga mpaka atatu, ndipo mumasankha kuti ukhalepo maola 24, masiku 7 kapena masiku 30. Chilengezo chilichonse chikhale ndi deti lolembedwa m'kati mwake. Mukukumbukira kumayambiriro kwa 2024, nthawi ya kolera, pamene tsiku lotsegulira sukulu linasunthidwa kuchoka pa 8 January kupita pa 29 January, kenako pa 12 February. Uthenga wongoti sukulu zitsegulidwa Lolemba, wopanda deti, umazungulira masabata atatu uli wonama kale, kholo n'kuchapa yunifomu pachabe.

Maliro

Apa ndichedwapo, chifukwa magulu ambiri a m'komboni anabadwira maliro, ndipo ambiri amapasukiranso pomwepo.

Wolengeza maliro akhale adimini, atauzidwa ndi a banja kuti tsopano lengezani. Osati woyamba kumva kulira. Mwana wa malemu ali ku Kitwe kapena ku Johannesburg, abale akufunafuna munthu wamkulu woti amuuze bwino, ndiye iye n'kutsegula foni ali pantchito n'kupeza chithunzi cha amai ake ndi mawu oti muuse mumtendere. Bala limenelo silipola msanga. Chimodzimodzi ngozi za pa Great East Road: chithunzi cha galimoto yophwanyika, nambala yake ikuoneka, chimafika kwa mkazi wa dalaivala apolisi asanafike pakhomo. Zithunzi za mitembo ndi za ovulala zisaloledwe n'komwe, ndipo ichi chokha adimini achotse osadikira kufunsa.

Chilengezocho chikhale uthenga umodzi wokhala ndi zonse: amene watisiya, nyumba ya maliro ili pati, mwambo uli liti ndiponso kuti, ndi amene akulandira chipepeso. WhatsApp imalola kukonza uthenga m'mphindi 15 zokha mutautumiza. Pulogalamu ikasintha pambuyo pake, chotsani wakalewo, lembani watsopano n'kuukhoma, kuti pasakhale nthawi ziwiri za kumanda zikuyenda pagulu limodzi.

Kenako pamabwera mapepani. Anthu zana akalemba aliyense wake, chilengezo chimakwiririka, ndipo wotsegula madzulo amaona kuti kwagwa zovuta koma osapeza kuti kwa yani. Phunzitsani anthu kudina uthengawo mokhalitsa n'kuikapo kachizindikiro ka manja opemphera. A banja amaona onse amene aikapo, ndipo foni za ena sizilira kazana. Pepani wa mawu tikapereke kunyumba ya maliro.

Za chimbuya, chibale chonyozana mwanthabwala pakati pa mitundu, ndinenepo pang'ono. Kumaliro abale athu Achibemba amatiseka, kutipaka ufa, ife n'kudzabwezera kwawo, ndipo zimapepusa mtima chifukwa nkhope zikuonana. Mawu omwewo akalembedwa amakhala ouma, amatsala pamenepo, ndipo wina amawajambula n'kutumiza kwa wachibale amene sadziwa kuti wolembayo ndi mbuya. Nthabwala zotere zipite ku gulu la macheza, pansi pa chilengezo ayi.

Ndalama ya chipepeso ilandiridwe ndi anthu awiri odziwika nkhope, ndipo nambala ya mobile money ilengezedwe ndi adimini pamodzi ndi dzina limene lidzaoneke potumiza. Mndandanda wa opereka ndi wabwino, koma ine ndimakonda wa mayina okha, chiwerengero chonse chili pansi. Wopereka K10 asaime pafupi ndi wa K500 kuti dera lonse liwayerekeze. Mndandanda wa amene sanapereke usalembedwe konse, simudziwa chimene chili m'nyumba ya mnzanu mwezi umenewo. Maliro akatha, lembani mmene ndalama yayendera: bokosi, ufa, nkhuni, ndiwo, galimoto, ndi yotsala imene yaperekedwa kwa a banja. Gulu limene limachita zimenezi silivutika kusonkhetsa ulendo wotsatira.

Akuba a pafoni amadziwa kuti pamaliro anthu amatumiza mosafunsa. Amalanda akaunti ya munthu wodziwika n'kuyamba kupempha ndalama m'dzina lake. Njira yawo ndi kukunamizani kuti muwatumizire manambala 6 amene abwera pa SMS, akuti alowa kwa inu molakwika kapena ndi olowera msonkhano. Manambala amenewo ndiwo kiyi wa akaunti yanu, sapatsidwa kwa wina aliyense, ngakhale abusa. Adimini aliyense ayatse Two-step verification, loko wachiwiri wa nambala yachinsinsi yodzisankhira, ndipo uthenga wopempha ndalama ukabwera, imbani mumve mawu a mwini wake.

Bandulo ya mnzanu

Vidiyo imodzi ingamalize bandulo imene munthu amati imufikitse mawa. Kuletsa mavidiyo onse n'kovuta, koma pali chothandiza. Mukakumana pamsonkhano kapena mukatuluka m'tchalitchi, tengani foni za achikulire mmodzimmodzi, lowani pa Settings, kenako Storage and data, muchotse zoti zithunzi ndi mavidiyo zizidzitsitsa zokha pa data. Mukatero chithunzi chimaoneka chachimbuuzi ndi kukula kwake kutalembedwa pakati, mwini foni n'kusankha yekha ngati akuchifuna. Ndi ntchito ya mphindi imodzi, koma muone mmene amai amapumira akamva kuti bandulo sizithanso iwo asanawerenge kanthu. Wotumiza vidiyo naye alembe mzere umodzi wonena za m'katimo.

Uthenga wa mawu ndi wofunika kwambiri kwa amene kulemba kumawavuta, musauletse. Ungofupika, usapitirire mphindi imodzi, ndipo uyambe ndi nkhani yeniyeni, moni wautali adzabwere pambuyo. Kumbukirani kuti m'minibasi kapena pamzere wa kuchipatala munthu sangaumvetsere, ndiponso sungafufuzidwe ngati mawu olembedwa. Atate ena akalankhula mphindi zisanu za paipi yophulika, wachinyamata mmodzi alembe pansi pake mizere iwiri ya zimene anena.

Malonda apatseni tsiku lawo. Mukawaletseratu, anthu amazemba nawo tsiku lililonse. Chithunzi chimodzi, mtengo, ndi kumene muli. Inenso madiresi anga a chitenje amadikira Loweruka ngati tomato wa wina aliyense, chifukwa adimini akadzipatsa Lachitatu lamulo latha.

Mphekesera ndi kuloza chala

Uthenga ukakhala ndi mivi iwiri pamwamba ndi mawu akuti Forwarded many times, ndiye kuti wadutsa m'manja ambiri. Kuyambira 2020 WhatsApp imalola kuti wotere utumizidwe kumalo amodzi okha pa nthawi imodzi, pofuna kuchepetsa mabodza, komabe amafika. Kuno ambiri amakhala a tsiku lolandira feteleza wa FISP, mtengo umene bungwe la boma la FRA ligulire chimanga, ntchito za boma zolembetsa ndi ndalama, ndi ngongole za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera. Musamunyoze wotumiza, kawirikawiri amafuna kuthandiza. Mufunseni kuti mwazimva kuti, atate? Akati pa wailesi ya Breeze FM, kwa alangizi a zaulimi kapena kwa akansala, ena angatsimikize. Akati zangobwera, adimini alembe pansi pake kuti izi sitinazitsimikize, musatumize ndalama kulikonse.

Choopsa kuposa apa ndi chithunzi cha munthu cholembedwa kuti wakuba ndi uyu, kapena dzina la agogo ena amene akuti ndiwo akulodza ana. Uthenga wotere ungasonkhanitse anthu ndi miyala ola lisanathe. Kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa Witchcraft Act, ndipo dziko lino lili ndi malamulo a milandu ya pa intaneti, a 2021 amene analowedwa m'malo ndi atsopano mu 2025. Pagulu lembani chimene chabedwa, nthawi ndi malo. Dzina la amene mukumuganizira lipite ku polisi.

Kudzudzula

Munthu akalakwa, muimbireni. Kumudzudzula pagulu kumamukakamiza kudziteteza pamaso pa apongozi ake ndi ana ake, ndipo sangagonje. Adimini ali ndi mphamvu yochotsa uthenga wa wina aliyense, koma pamatsala chizindikiro choonetsa kuti wachotsa ndi adimini, onse n'kudziwa kuti uje wadzudzulidwa. Ngati si nkhani yoopsa, mupatseni mpata achotse yekha. “Atate, pepani kukuvutitsani. Uthenga uja wa chipani wakhumudwitsa ena, tithandizeni pouchotsa, ife tisaukhudze.” Akulu ambiri amachotsa foni isanadulidwe. Akabwereza, apite adimini wina amene amamvana naye. Kuchotsa munthu kukhale komalizira, auzidwe chifukwa chake iye asanazione yekha, ndipo adziwe kuti angabwerere.

Pachifukwa ichi maadimini akhale atatu kapena anayi osiyana: mayi, bambo, wachikulire, wachinyamata, ndipo asakhale onse a mpingo umodzi. Pali nkhani zimene mtsikana sangauze bambo wa msinkhu wa atate ake, ndipo pali akulu amene sangalandire chidzudzulo kwa mwana wa dzana.

Mavoti a pagulu ndi abwino posankha tsiku la msonkhano kapena loyeretsa ngalande mvula isanayambe. Koma aliyense amaona kuti uje wasankha chiyani, choncho nkhani yoti msungichuma apitirize kapena ayi isapite pamenepo.

Masiku ano munthu akatuluka m'gulu, amene amalandira chidziwitso ndi maadimini okha. Mukaona wina watuluka, pakapita tsiku muimbireni, osati kumunyengerera kuti abwerere, koma kumva chabe. Ena foni yadzaza, ena asamuka, koma ena adzakuuzani chinthu chimene anthu makumi awiri otsalawo akuchisunga mumtima.

Pomaliza pali amene gulu siliwafikira: a foni ya mabatani, ndi amene foni yawo yazima. Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, magetsi ankapita maola ambiri pa tsiku ndipo foni zambiri zinkagona zozima. Pa 12 August 2021, tsiku la masankho, WhatsApp yeniyeniyo sinkatseguka m'dziko muno. Choncho lembani papepala nyumba zimene zilibe WhatsApp, iliyonse muipatse woyandikana nayo amene adzagogode pakhomo chilengezo chikatuluka, ndipo nambala za maadimini zilembedwe m'kabuku osati m'foni mokha. Ndipo adimini amene akusamuka, kaya wapita ku Katete kaya ku Lusaka, ayambe waika wina paudindo asanatuluke. Adimini akakhala mmodzi yekha n'kuchoka, WhatsApp imangosankha munthu aliyense mwa otsalawo, ndipo ikhoza kugwera pa uja amene munali pafupi kumuchotsa.